Mbiri ya Bambo Raphael Tenthani, Wonyamula Mau

Inu a ku Migowi ndi ku Chiringa, a ku Nambazo, a ku Nkhulambe ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mwezi uno tifuna kukumbukira munthu amene sanabadwire kuno ku Phalombe, amenenso ambiri a inu simunaone nkhope yace. Dzina lace ndiye Raphael Tenthani, wa m'mudzi wa Agabu, kwa mfumu Ganya, m'boma la Ntcheu. Anabadwa pa 1 Okutobala 1971, namwalira pa 16 Meyi 2015, ali ndi zaka 43 zokha. Sanali mfumu kapena nduna ya boma. Anali mtolankhani, ndiko kuti munthu wofunafuna zocitika m'dziko ndi kuzibukitsa pa wailesi ndi m'nyuzipepala.

Mudziwa inu mwambo wathu wa pa maliro. Pa mudzi pakagwa zobvuta, mfumu ituma anyamata kuti akanene m'midzi yina. Wotumidwayo sacedwa pa njira. Afika, akhala pansi, napereka mau monga anawalandira, osaonjeza ndi osacotsa. Palibe munthu wa nzeru amene amtukwana cifukwa mau ace ali owawa, pakuti si iye anapha munthuyo. Nchito ya mtolankhani iri yotero, koma mudzi wace ndi dziko lonse, ndipo nthawi zina mau amene anyamula ndi omwe mfumu yeniyeniyo ifuna kuti asaturuke pa bwalo. Kuti timvetse kulemera kwa katundu ameneyu tiyenera kuyamba ndi tsoka la kwathu kuno.

Akuru a kuno sadzaiwala tsiku la 10 Marichi 1991. Kunagwa mvula yamphamvu, ndipo phiri la Michesi linang'ambika. Madzi, matope, mitengo ndi miyala yaikuru ngati nyumba zinatsika pamodzi, nizikokolola midzi, minda, milatho ndi masitolo. Makolo athu acichula cinthu cotere napolo, nanena kuti ndi cinjoka cokhala pansi pa phiri, cimene cikafuna kusamuka ciswa njira yace kunka kunyanja. A ku Zomba anaciona m'caka ca 1946, ndipo ife tinaciona caka cimeneco ca 1991. Anthu oposa 400 anafa, ena a iwo mitembo yao sinapezeke konse, ndipo abale ao analira maliro opanda manda. Miyala ija ikali pomwe inaima kufikira lero, ndipo ana obadwa pambuyo pace asewera pamwamba pace osadziwa kuti inadza bwanji.

Tsono dziko linamva bwanji za tsoka limeneli? Masiku amenewo m'Malawi munali wailesi imodzi yokha, ya MBC, imene inayamba m'caka ca 1964, ndi nyuzipepala ziwiri zazikuru, Daily Times ndi Malawi News. Ndipo zonsezi zinali kulankhula ndi pakamwa pamodzi, ndipo pakamwapo panali pa boma. Wailesi ya kanema panalibe, pakuti boma la Dr Kamuzu Banda silinaifune. Munthu wa ku Karonga kapena wa ku Mchinji anamva ndi makutu kuti ku Phalombe kwagwa zoopsya, koma sanaone nkhope ya mai wofunafuna mwana wace m'matope. Thandizo linafika ndithu, sitikana. Koma mau onse anayamba apimidwa asanaturuke, ndipo panalibe munthu wa ufulu wakufunsa poyera kuti, kodi mabulangete amene anatumizidwa afika kwa eni ace? Kodi amene anatsala agona kuti usiku uno?

Kukhala cete kumeneku sikunayambe lero. M'mwezi wa Novembala 1914 John Chilembwe, amene cipatala cathu cacikuru ca ku Migowi cichedwa ndi dzina lace, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za anthu akuda amene anali kufa pa nkhondo ya Azungu. Ndipo akuru a boma la Atsamunda anailetsa kalatayo. M'caka ca 1949 kunafika timawailesi totsika mtengo, tooneka ngati sefuliya, ndipo anthu a m'midzi anayamba kumva Cinyanja cocokera ku Lusaka. Koma amene anali kusankha zonenedwa anali boma lomwelo. Titalandira ufulu m'caka ca 1964 cingwe sicinamasuke. M'caka ca 1973 anakhazika lamulo lakuti munthu wotumiza kunja mbiri imene boma liyesa yonama ndi yoipsa dzina la dziko akhoza kukhala m'ndende moyo wace wonse. Mtolankhani wina, Mkwapatira Mhango, anathawira ku Zambia nalemba ali komweko. Ndipo m'mwezi wa Okutobala 1989 anthu anaponya moto pa nyumba yace ku Lusaka, nafa iye pamodzi ndi akazi ace ndi ana. Ambiri analoza cala boma la Malawi la nthawi imeneyo. Wacinyamata ali yense wofuna nchito ya kulemba anadziwa za moto umenewo.

Pamene napolo anatsika ku Michesi, Raphael Tenthani anali mnyamata wa zaka 19. Caka cotsatira, pa 8 Marichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'machalichi, ndipo amene anali ndi wailesi zokoka kutali anamva pa BBC ya ku London zimene wailesi ya kwao sinanene. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha kuti pakhale zipani zambiri. Nyuzipepala ya The Nation inayamba caka comweco. Pa 17 Meyi 1994 panali cisankho, ndipo malamulo akuru atsopano, pa ndime 36, analonjeza ufulu wa atolankhani. Wailesi ya kanema ya Television Malawi inayamba pa 1 Epulo 1999, patapita caka cimodzi cipatukire Phalombe ku Mulanje kukhala boma pa lokha. Koma kanema afuna magetsi, ndipo m'midzi yathu magetsi ali osowa. Cotero kawailesi ka mabatire ndiko kanakhalabe mthenga wa mudzi. Bambo Tenthani anakula m'dziko la cete, nalowa nchito pamene dzikolo linali kuphunzira kulankhula ngati mwana.

Nchito yao inali yotere. Anali kukhala ku Blantyre, ndipo anali maso ndi makutu a BBC m'Malawi muno. Analinso kulembera Associated Press, kampani ya ku America imene itumiza nkhani ku nyuzipepala zikwi zambiri za m'maiko onse, ndi Pan African News Agency. Kukacitika kanthu, kaya njala, kaya cisankho, kaya mlandu waukuru, iwo anali kufunsa mboni, kufunsa a boma, kufunsa otsutsa boma, nalemba mwacidule, natumiza pa lamya kapena pa intaneti. Ndipo dzuwa lisanalowe munthu wa ku Accra, wa ku Nairobi ndi wa ku New York anali atamva. Aphunzitsi ndi makalaliki a kuno amene anazolowera kuchera khutu ku Focus on Africa madzulo akumbukira mau ao. Pamene woyimba wa ku America, Madonna, anadza kudzatenga mwana wa ku Mchinji m'caka ca 2006, maiko onse anafuna kumva za Malawi masiku owerengeka, ndipo zambiri zimene anawerenga zinadzera m'manja mwa Bambo Tenthani. Koma nkhani zotero zipita ngati mame. Cimene Amalawi awakumbukira naco ndi danga lao la m'nyuzipepala ya Sunday Times, lochedwa Muckraking on Sunday.

Dzina limeneli liri ndi mbiri yace, ndipo inu a mumpingo mudzakondwa kuimva. M'gawo laciwiri la buku la John Bunyan la Pilgrim's Progress, limene linaturuka m'caka ca 1684, muli munthu wogwira copalira zinyalala, woyang'ana pansi pokhapokha, wosatukula maso kuona korona amene wina amgwirira pamwamba pa mutu wace. M'caka ca 1906 Pulezidenti wa ku America, Theodore Roosevelt, anatenga fanizo limeneli natonza nalo atolankhani amene anali kuulula zacinyengo za anthu olemera ndi za akuru a boma, kuti ali ngati munthu uja wosaona kanthu koma ndowe. Atolankhani ena analitola dzinalo nalibvala ngati mkanda. Ndilo dzina limene Bambo Tenthani anasankha. Ife tiyesa kuti anasankha bwino. Bunyan anali kunena za mtima wokonda za pansi, ndipo pamenepo sitimtsutsa. Koma ali yense woweta ng'ombe adziwa kuti khola losapalidwa lidwalitsa ziboda, ndi kuti wina ayenera kulowamo ndi khasu, ngakhale anzace amseke kuti anunkha. Sabata ndi sabata iwo anali kulowa m'khola la boma, la a Bingu wa Mutharika, la mai Joyce Banda ndi la a Peter Mutharika, napala mosasankha. Cilembedwe cao cinali ca nthabwala zoluma, kotero kuti wonenedwayo anali kuyamba waseka asanazindikire kuti mubvi wamlasa iye.

Mlandu umene unawachukitsa koposa unali wa mizukwa. Ku Lilongwe kuli nyumba yaikuru ya zipinda 300 imene Dr Banda anamangitsa. A Muluzi anakana kukhalamo, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo anali kusonkhana m'menemo. Koma a Bingu wa Mutharika atalowa ufumu m'caka ca 2004 anaturutsa aphunguwo nalowamo iwo. M'mwezi wa Marichi 2005 kunamveka mbiri yakuti Pulezidenti sagonanso m'nyumbamo cifukwa ca mizukwa, ndipo atolankhani anati anaimva kwa mbusa amene anali mlangizi wa Pulezidenti pa za cipembedzo. Bambo Tenthani anaitumiza ku BBC, ndi mnzao Mabvuto Banda anailemba m'nyuzipepala ya The Nation. Maiko anaseka. Pulezidenti anapsya mtima, nakana kuti sanakomane ndi mzukwa uli wonse. Pa 15 Marichi apolisi anagwira atolankhani awiriwo ku Blantyre napita nao ku Lilongwe, pa mlandu wofalitsa mbiri yonama yokhoza kucititsa anthu mantha. Pambuyo pace anawaturutsa pa belo.

Tsono apa tinene maganizo athu. Nkhani ya mizukwayo payokha inali yaing'ono, ndipo sitiyesa kuti inaonjeza nsima m'mbale ya munthu ali yense. Ife a kumudzi tidziwa kuti munthu akhoza kuopa nyumba usiku, angakhale ali wophunzira, ndipo sitimseka kwambiri. Koma kugwidwa kwa anthu awiri aja kunali kwakukuru, pakuti kunacitika patapita zaka 11 cilembedwere lonjezo lija la ufulu wa atolankhani. Mfumu imene inenedwa zonama iri nayo njira: iturutsa mboni, iyankha poyera, kapena ipita ku bwalo la milandu monga munthu wina ali yense. Ikatuma apolisi, anthu onse olemba aphunzira kuti kuseka mfumu ndi mlandu, ndipo amene waleka kunena za mizukwa lero adzalekanso kunena za cimanga cosowa m'nkhokwe za boma mawa. Bambo Tenthani ataturuka sanaleke. Anabwerera ku colembera cao, ndipo zaka zonse za ufumu wa a Mutharika anakhala mmodzi wa owadzudzula osatopa, makamaka m'caka ca 2011, pamene mafuta a galimoto anasowa, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julayi anthu 20 anaphedwa, atolankhani ena namenyedwa.

M'nyumba yomweyo ya zipinda 300 a Bingu wa Mutharika anagwa ndi nthenda ya mtima pa 5 Epulo 2012, namwalira tsiku lomwelo. Apa ndipo panaoneka kusiyana kwa amithenga awiri. Akuru a boma anabisa maliro, natumiza mtembo ku South Africa monga ngati munthu apita kukacira. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa wailesi ya kanema ya boma, zosanena kuti mfumu yafa, koma kunena kuti mai Joyce Banda, amene anali waciwiri wa Pulezidenti, sayenera kulowa m'malo. Anthu anaona nkhope zao bwinobwino pa kanema, koma coonadi sanacimve pamenepo. Anacimva kwa BBC ndi Associated Press, makampani omwe aja Bambo Tenthani anali kuwatumikira, amene tsiku lomwelo anali atalengeza kale, atamva kwa madokotala ndi akuru ena osafuna kuchulidwa maina. Boma linabvomera pa 7 Epulo, ndipo mai Banda analumbira tsiku lomwelo. Kanema ndi cipangizo cabwino, koma aonetsa cokhaco cimene womgwira amloza.

Madzi anabweranso kwathu m'mwezi wa Januwale 2015. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani inasefukira, nyumba za zidina zinasungunuka, ndipo anthu anathawira m'masukulu ndi m'machalichi. Pa 13 Januwale Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 mwa maboma 28 ali pa tsoka, ndi Phalombe momwemo. Nthawi iyi dziko lonse lapansi linamva msanga, ndipo nkhani zimene Associated Press inatumiza kucokera ku Blantyre zinali ndi dzina la Raphael Tenthani pamwamba pace. Waciwiri wa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, ananena poyamba kuti akufa ndi 176 ndi osowa pokhala 200,000. Pambuyo pace, atawerenganso bwino, boma linati akufa ndi 106, osapezeka 172, ndi osamuka m'nyumba zao 230,000. Wina angafunse kuti, nanga mtolankhani amene anatumiza ciwerengero coyamba sananame? Iai, pakuti mwambo wa nchitoyi ndi kuchula mwini mau: wakuti wanena cakuti, tsiku lakuti. Potero mau akasintha, anthu adziwa kumene anacokera, ndipo akhoza kufunsa. Ndi ici cimene cinasowa m'caka ca 1991. Ndipo maiko ndi mabungwe acifundo satumiza mahema ndi ufa ku malo amene sanamve dzina lace. Amene anagona m'hema caka cimeneco anathandizidwa ndi anthu ambiri osawadziwa, ndipo mmodzi wa iwo anali munthu wa ku Ntcheu wokhala pa kompyuta yace usiku.

Sitifuna kuwayesa mngelo. Ena anali kudandaula kuti nthabwala zao zipyola muyeso, ndi kuti munthu wamkuru sayenera kusekedwa pamaso pa ana. Ndipo ife tiri nalo dandaulo lathu: analemba m'Cingerezi, m'nyuzipepala imene mtengo wace ukanagula ndiwo za tsiku, ndipo mai wa ku Chitekesa amene iwo anali kumnenera mlandu sanawerenge mzere ndi umodzi womwe. Anali ngati nkhoswe yolankhula pa bwalo la kutali m'cinenero cimene mwini mlandu sacimva. Koma akuru anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo makutu amene iwo anatsina anali a anthu omva Cingerezi, ogwira ndalama za msonkho wathu.

Patapita miyezi inai cicokere cigumula cija, Loweruka pa 16 Meyi 2015, Bambo Tenthani anali kubwerera ku Blantyre kucokera kwao ku Ntcheu. Pa Kam'mwamba, pa mseu wopita ku Zalewa, galimoto imene anakwera inacita ngozi, ndipo anamwalira. Tsoka silinunkha. Munthu amene anapulumuka m'manja mwa apolisi ndi mkwiyo wa mafumu anathera pa mseu umene anaudziwa ngati njira ya kumunda. Uthenga unayenda usiku womwewo pa lamya za m'manja, ndipo m'mawa mwace linali la Sabata, tsiku limene anthu anazolowera kutsegula nyuzipepala ndi kufuna dzina lao. Wailesi ya ku London imene iwo anaiuza za maliro a anthu ambiri inanena za maliro ao. Anawaika kwao kwa Agabu, ndipo pakati pa olira panali ena a iwo omwe anawalasa ndi colembera.

Napolo anatsikanso m'mwezi wa Marichi 2023, pa namondwe wochedwa Freddy, ndipo ku Nkhulambe miyala inakwirira minda ndi nyumba monga kale ku Michesi. M'dziko lonse anthu oposa 600 anapezeka atafa, ndi ena oposa 500 sanapezeke. Pa nthawi iyi kunali wailesi zambiri, za mau ndi za kanema, za boma ndi zosakhala za boma, ndipo anyamata ndi atsikana onyamula makamera anaoloka mitsinje pansi, milatho itapita, kuti akajambule ndi kufunsa. Anafunsa mafumu, anafunsa amai a m'misasa, anafunsanso nduna kuti ufa uli kuti. Ena a iwo anali ana a sukulu caka cija apolisi anatenga Bambo Tenthani kupita nao ku Lilongwe.